Onani kaye kope la mwana, asisi

Asisi, musanalipire tushoni ya Special Paper 1, pepala la mayeso a Grade 7 loyesa kaganizidwe ka mwana pa mawu, pitani mukaone zimene ana akulemba m'makope. Ine ndalama ya lendi inathera kwa bambo wina kuno ku Chawama amene aliyense ankamutama kuti ana ake a Grade 7 sagwa. Mwezi ndi mwezi ndikulipira, wanga akubwera madzulo kuti lero tachita ma analogy, ine mtima m'malo. Mock itatuluka, pepala lomwelo ndiye anagwa nalo koopsa.

Usiku umenewo magetsi atapita ndinakhala naye pamphasa ndi tochi ya foni, ndamuwerengera funso la mwana wa Grade 4: puppy is to dog as chakuti is to cow. Mayankho ake grass, milk, calf, bull. Iye osayang'ana n'komwe, wangoti "B". Ndati B ndi milk, mkaka ukugwirizana bwanji ndi kagalu? Akuti sir anati nambala 7 imakhala B. Nditsegule kope, mayi wanga ine! Manambala ndi zilembo zokhazokha, 1 C, 2 A, 3 D, masamba ndi masamba. Ankawalowezetsa mayankho a mapepala akale ngati nyimbo ya Sande sukulu. Mwana anayamba kulira, ndi ine ndemwe misozi. M'mawa ndapita, bamboyo alibe ndi manyazi omwe, akuti ana ena mitu yawo ndi youma. Pamaso pa mwana wanga! Ndalama sanabweze, ndipo mpaka lero chikwangwani chake chili pageti.

Chonsecho nkhani yake ndi yaing'ono. Mwana atenge mawu awiri oyambawo apange nawo chiganizo: puppy ndi mwana wa dog. Kenako afunse, mwana wa cow ndani? Calf, basi. Milk amaiyika dala kuti ikole amene akuthamanga, chifukwa ukangomva ng'ombe mutu umathamangira ku mkaka. Ubale wake umangozungulira pomwepo: mwana ndi make, chida ndi mwini ntchito, chiwalo ndi thupi, mawu otsutsana, malo okhala. Asasinthe dongosolo, ngati wamng'ono ali kutsogolo, kwinakonso wamng'ono akhale kutsogolo. Yambani m'Chinyanja ali kutsuka mbale: mbuzi ndi khola, mbalame ndi chiyani? Akati chisa, wamva. Ngakhale ndagi za agogo zija, nyumba ya amayi yopanda khomo, dzira, zimaphunzitsa mutu kufunafuna ubale wobisika. Pa mafunso a makodi, osinthasintha zilembo aja, alembe A mpaka Z pambali pa pepala, zilembo 26, awerenge masitepe. CAT ikasanduka DBU ndiye kuti chilembo chilichonse chasuntha kamodzi, choncho DOG ikhala EPH.

Vuto lina ndi Chingerezi chenichenicho. Mwana amene sadziwa calf, foal kapena kid, njira angaidziwe bwanji, agwabe. Mayina a ana a nyama ndi mawu otsutsana, amenewo aloweze ndithu, palibe kuchitira mwina. Mapepala akale a ECZ, bungwe la mayeso kuno ku Zambia, mugulenso, awabwereze mpaka awatope, ndipo muzimuyikira nthawi chifukwa wanga ankachedwa pa funso limodzi. Special Paper 2 ya zithunzi ija ine sindiitha, ndinakamupezera mphunzitsi wina ku Kamwala, wodula kuposa woyamba uja.