Chomwe chinagonjetsa Aroma ku Cannae ngakhale anali ochuluka

Achimwene, mwafunsa kuti zinatheka bwanji kuti Aroma agonje pa nkhondo ya ku Cannae, kum'mwera kwa Italy, mu 216 BC pomwe anali ochuluka kuposa asilikali a Hannibal, mtsogoleri wa nkhondo wa ku Carthage, kumpoto kwa Africa. Kuchulukako n'kumene kunawapweteka.

Aroma anali ndi asilikali oyenda pansi pafupifupi 80,000 ndi apakavalo 6,000. Hannibal anali ndi oyenda pansi 40,000 koma apakavalo 10,000. Atsogoleri a Aroma, Varro ndi Paullus, anathinitsa magulu awo n'kusanja mizere yambirimbiri kumbuyo kuti aboole pakati ndi mphamvu. Hannibal anaika asilikali a ku Gaul ndi a ku Spain pakati, mzere wake wopindikira kutsogolo ngati uta, ndipo a ku Africa, okhwima pa nkhondo, anawaika mbali zonse ziwiri. Aroma atakankha, apakatiwo ankabwerera pang'onopang'ono osathawa. Apa m'pamene panali poopsa zedi. Mzerewo ukanaduka, Hannibal akanathera pomwepo, n'chifukwa chake iye mwini anaima nawo pamenepo.

Aroma atalowa mkati, a ku Africa anatembenuka n'kuwamenya m'nthiti. Panthawiyi apakavalo a Hannibal, otsogozedwa ndi Hasdrubal, anali atabalalitsa kale apakavalo a Aroma kufupi ndi mtsinje wa Aufidus, kenako anazungulira kudzatseka kumbuyo.

Msilikali wachiroma ankafunika malo okwanira kuti ayendetse chishango ndi lupanga lake lalifupi. Atapanikizana chonchi, amene anali pakati sankatha ngakhale kutukula mkono, ndipo omenya nkhondo anali a m'mphepete okha. Livy, wolemba mbiri wachiroma, akuti anafa oposa 48,000, Paullus ali m'gululo. Varro anathawira ku tauni ya Venusia.