Funsani Ankolo: akuti kamagazini kathu ndi kauve

Ankolo, ine ndi anzanga awiri tinayamba kamagazini ka oimba a kuno ku Mangochi amene simungawamve pa wailesi, marapa a kwa Mpondasi ndi anyamata oimba magitala a zigubu. Timalemba pamanja, zithunzi timamata ndi guluu kenako fotokope basi. Ndiye mnzathu wina akuti kakuoneka kauve, bola tizikapangitsa pa kompyuta. Vuto lina nkhope zikumatuluka zakuda bii. Titani?
Mnyamata wa kwa Mpondasi

Mphwanga, pamanjapo osasiya ayi. Timagazini totere azungu amati fanzine, ndipo kotchuka kwambiri kanayamba chimodzimodzi. Mu 1976 ku London Mark Perry, kalaliki wa ku banki, analemba Sniffin' Glue ndi taipi komanso maka, nkukopa makope pafupifupi 50 onena za nyimbo za punk, mtundu wa rock waphokoso ndi waukali, zomwe iye ankazikonda. Zilembo zokhotakhota zija zinkauza wowerenga kuti walemba izi ndi mnzako, alibe bwana, nawenso ukhoza. Wojambula Jamie Reid naye mu 1977 ankadula zilembo m'nyuzipepala nkumata pa zikuto za malekodi a gulu loimba punk la Sex Pistols ngati kalata yoopseza munthu, dala, kuti akuluakulu a ku Britain ziwanyanse.

Koma apa ndimvetse bwino, mkwiyo umenewo unali wawo. Ukangokopera zilembo zodulazo usakudziwa ukukwiyira ndani, mnzako uja akhala kuti wanena zoona. Iwe uli ndi zako. Tapita kudoko ukaone mmene asodzi amalembera mayina pa maboti, penti yochindikala, chilembo chomaliza chopanikizika chifukwa malo anatha, kapena zolemba za kumbuyo kwa minibasi ndi pa mabarbershop, ine zimenezo ndimazikonda koopsa ndipo munthu wa kuno akangoziona pachikuto adziwa kuti kamagazini aka nkathu asanawerenge nkomwe. Rapa akaimba m'Chiyao mawu ake muwasiye m'Chiyao momwemo, m'zilembo zikuluzikulu, tsamba lonse.

Za nkhopezo, makina a fotokope amadana ndi mthunzi, chotuwa amachisandutsa chakuda. Jambulani oimbawo panja mmawa dzuwa likuwawala kumaso, kumbuyo kukhale khoma loyera. Uzani wa pa makina achepetse kuda, ayese pepala limodzi kaye musanalipire onse. Ikakanikabe nkhopeyo, ikani pepala pamwamba pa chithunzi pawindo, mutsatire ndi maka yakuda, imatuluka bwino kuposa chithunzicho.

Siyani kampata ngati chala chimodzi m'mphepete monse poti makina amadya m'mbali. A4 mukaipinda pakati imakupatsani masamba 4, ndiye kamagazini kazikhala ka masamba 8, 12 kapena 16. Pa ka masamba 8, tsamba 8 limagona pambali pa 1, kuseri kwake 2 ndi 7. Yambani mwapinda mapepala opanda kanthu nkulemba manambala musanamate chilichonse.

Kope lotsatiralo munditumizireko, ndikufuna ndiwaone anyamata a zigubuwo.