Asakhale chete, koma afunse mwanzeru

Mayi wina wa ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, walemba kuti mwana wake wamkazi wangoyamba ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina yaing'ono ku Braamfontein. Anzake kumeneko amakopera mayina, manambala a foni ndi a ID a makasitomala enieni m'malaputopu awo kuti aziyesera pulogalamu. Atafunsa, anamuseka amvekere: "Aliyense amatero." Mayiwo akuti, kodi asangotseka pakamwa, poti kwa mlendo ntchito ndi yosowa kuno?

Mayi, mwana wanu waona bwino. Anzakewo si kuti ndi akuba ayi. Olemba mapulogalamu ambiri amathamangitsidwa ndi tsiku lomaliza ntchito, ndipo munthu ukayang'ana mizere ya manambala tsiku lonse umaiwala kuti mzere uliwonse ndi munthu. Koma taonani nambala ya ID ya kuno. Ili ndi manambala 13. Oyamba 6 ndi tsiku lobadwa, 4 otsatira amaulula ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo ya nambala 11 imanena ngati mwini wake ndi nzika kapena ndi wobwera wokhala ndi chilolezo. Ife obwera tikudziwa kulemera kwa kanambala kameneko. Laputopu yoteroyo ikabedwa mu takisi pa Bree, wakubayo wapeza zokwanira kuyesa kutenga ngongole m'dzina la wina.

Ndiponso lamulo lilipo. POPIA, lamulo la South Africa loteteza deta (mbiri za anthu zosungidwa ngati zimenezi), inakhazikitsidwa mu 2013 ndipo inayamba kuluma pa 1 July 2021. Chindapusa chimafika R10 miliyoni, ndipo milandu ina ndi ya ndende mpaka zaka 10. Deta ikatayika, kampani imayenera kudziwitsa a Information Regulator, ofesi yoona kuti lamuloli likutsatidwa, komanso eni ake a detayo. Mu 2023 ofesiyi inalipiritsa unduna wa zachilungamo womwe R5 miliyoni. Nanga za Experian, kampani yosunga mbiri ya ngongole za anthu, mu 2020, pomwe mbiri za anthu pafupifupi 24 miliyoni zinatuluka? Panalibe kuthyola makompyuta. Munthu anangonamizira kukhala kasitomala, iwo n'kumupatsa.

Tsono asapite kukalalata kwa abwana ngati wapolisi, poti wangofika kumene. Apite ndi yankho m'manja. Anene kuti atha kulemba kapulogalamu kopanga mayina ndi manambala ongopeka oyesera, kapena kobisa enieniwo asanakopedwe. Imeneyi ndi ntchito ya masiku ochepa, ndipo akuluakulu amamumvera msanga wobwera ndi chida kusiyana ndi wobwera ndi dandaulo. Alembe ganizoli pa imelo kuti pakhale umboni. Afunsenso mwaulemu kuti Information Officer wa kampaniyo, yemwe ndi woyang'anira kasungidwe ka deta, ndani. Lamulo limati akhalepo, ndipo pakampani yaing'ono kawirikawiri amakhala mwini wake yemwe. Chomwe ndikukaniza kwamtuwagalu ndi kuyika deta ya makasitomala pa laputopu yake kapena pa WhatsApp, ngakhale atumidwe ndi wamkulu.

Za mantha a ntchitowo, luso limeneli lingamutsegulire makomo ena. Mabanki ndi makampani a inshulansi a ku Sandton amafuna anthu odziwa kusunga deta, ndipo kumudzi nako Malawi inakhazikitsa lamulo lake loteteza deta mu 2024. Awerenge mfundo 8 za POPIA, zilipo zaulere pa intaneti, ndipo kapulogalamu kaja akakamaliza akalembe pa CV. Akadzaona kuti miyezi yadutsa koma sakumumvera, ayambe kufunsira kwina mwakachetechete asanasiye pomwe alipo.