Ntchito inatha, koma aneba sakudziwa

Imelo iyi yachokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe. Anati dzina ndisatchule, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndagwira ntchito zaka 8 ku bungwe lina la zaumoyo, ndinkayendera zipatala za m'maboma. Thandizo la ku America litaima, pulojekiti yathu inatsekedwa ndipo tonse tinapatsidwa makalata. Pano pakhomo tikudalira malipiro a mkazi wanga, yemwe ndi mphunzitsi wa kupulayimale. Iye akuti tisamukire nyumba yotsika mtengo, ana tiwachotse ku pulaiveti. Ine zikundikanika kuvomera. Mayi anga kumudzi sindinawauze, ndimawatumizirabe ndalama ngati kale. M'mawa ndimavala n'kutuluka kuti aneba asadziwe, ndimakangozungulira m'tauni. Tulo sindikupeza. Mnzanga wina akuti tipite ku Joni. Kodi munthu amazolowera bwanji zinthu zikatembenuka chonchi?"

Achimwene, pepani kwambiri. Zaka 8 si masewera, ndipo kalata yotere, ngakhale unkaiyembekezera, imafoola nkhongono.

Musanadziimbe mlandu uliwonse, kumbukirani mmene zinayendera. Pa 20 January 2025, tsiku lomwe analumbiritsidwa, Donald Trump anasaina chikalata choimitsa thandizo la America kumayiko akunja kwa masiku 90. Sabata isanathe mabungwe anayamba kulandira mauthenga oti aimitse ntchito, ndipo pofika pa 1 July chaka chomwecho bungwe la USAID, limene boma la America linkadutsitsirako thandizolo, linali litatsekedwa. Kuno kwathu anabwerera kunyumba madalaivala, anamwino, alangizi, owerengera ndalama, alonda, olimbikira ndi aulesi omwe. Amene anasaina uja dzina lanu salidziwa n'komwe. Nkhaniyi inamveka pa wailesi ndi pa Facebook kwa miyezi, moti chinsinsi mukusungachi ndikukayika ngati chidakali chinsinsi. Ngati galimoto ya bungwe inkaima pageti panu m'mamawa n'kuliza hutala, mayi wogulitsa tomato pakona paja anaona sabata imene inasiya kubwera. Anthu akungokusungirani ulemu. Inu mukulipira minibasi popita ndi pobwera, kugula chipisi cha pachiwaya masana, kupsa ndi dzuwa m'makonde a masitolo, kuti mubise chinthu chimene mwina ndi ana a aneba omwe akuchidziwa.

Mwafunsa za kuzolowera. Mmene ndimaonera ine, mtima si umene umayamba. Simudzadzuka tsiku lina n'kupeza kuti mwavomera, kenako n'kuyamba kusintha zinthu. Munthu umasamuka, umauza anthu, umalemba bajeti yatsopano mtima ukukana, ndipo pakapita miyezi umangozindikira kuti wasiya kukana. Panopa mukukhala moyo wa munthu wa pantchito koma malipiro ake palibe, ndipo usiku uliwonse mutu wanu ukuwerengera zoperewerazo. Tulo tingabwere bwanji?

Pa za nyumba, mayi akunyumba akunena zoona, ndipo nthawi yake ndi ino. Kusamuka nako kumadya ndalama: alandilodi ambiri m'tauni amafuna lendi ya miyezi itatu usanalowe, lole yonyamula katundu ifuna yake, maloko atsopano afuna yawo. Ngati pa zomwe munalandira pochoka padakali kangachepe, lero mungathe kusankha nyumba nokha, n'kutsanzikana bwino ndi alandilodi anu. Mukadikira kuti kathe, mudzasamuka muli ndi ngongole ya lendi, firiji ndi TV zitagwidwa, inu mukugogoda kwa akatapila. Ndalama yongokhala ku banki nayo sikudikirani. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira mukuiona nokha. Funani nyumba kufupi ndi sukulu imene madamu amaphunzitsa, kuti ya thiransipoti ichoke pa bajeti. Kuchoka m'nyumba ya mpanda kukalowa yogawana mpopi ndi mabanja atatu kumawawa, sindikukana. Koma kumeneko mudzafika ngati mlendo wamba. Palibe amene anakuonani muli mu Land Cruiser, ndiye palibenso woti muzimubisira kanthu.

Za ana ndingowonjezera nkhani ya nthawi. Musawachotse pakati pa teremu, ndipo ngati pali wa Sitandade 8 amene watsala pang'ono kulemba mayeso, yesetsani amalize pomwe alipo, ngakhale zitatengera kugulitsa kanthu. Enawo apite ku sukulu ya boma, imene yakhala yaulere kuyambira 1994. Vuto lake ndi kuchuluka kwa ana m'kalasi, zimene mayi awo akuzidziwa bwino kuposa tonsefe. Komatu ana anu ali ndi mwayi umene anzawo ambiri alibe: mayi mphunzitsi, ndi bambo amene tsopano ali ndi nthawi yokhala nawo madzulo n'kuona makope. Auzeni zoona mwachidule. Ana amamva manong'onong'o a kuchipinda, ndipo akapanda kuuzidwa amadzipangira nkhani yoopsa kuposa yeniyeniyo, ena mpaka kuganiza kuti banja likutha.

Tsopano tulutsani kalata ija ndi mapepala a malipiro, muone ngati anakupatsani zonse. Lamulo la Employment Act limati munthu wochotsedwa chifukwa choti ntchito yatha kapena olemba ntchito avutika pachuma alandire severance: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyambirira, masabata 3 pa chaka kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 pa chaka chilichonse kupitirira apo. Inu a zaka 8 ndiye kuti masabata 10 kuphatikiza 9, onse pamodzi 19. Pamwamba pake pali notisi ya mwezi umodzi kwa olandira pamwezi, kapena ndalama yake, komanso masiku a tchuthi amene simunapume. Mabungwe ambiri amalemba anthu pa makontirakiti a chaka chimodzichimodzi, ndipo m'pamene pamabuka mikangano yoti severance ilipo kapena palibe. Musatayepo eyataimu kukangana pa foni ndi a HR, oona za ogwira ntchito ku bungweko. Tengani makontirakiti onse mupite nawo ku ofesi ya Leba, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya pantchito. Kwa ena amene zangokuonekerani kumene: dandaulo loti mwachotsedwa mopanda chilungamo liyenera kufika kwa a Leba pasanathe miyezi 3.

Penshoni nayo muiyendere. Mwezi uliwonse abwana amayenera kuika 10 peresenti, inu 5 peresenti. Pemphani pepala loonetsa ndalama zanu ku kampani yosunga penshoniyo muone ngati miyezi yonse inalowa, chifukwa alipo olemba ntchito amene amadula koma osakapereka. Lamulo limalola kutapako gawo munthu ukakhala miyezi ingapo osapeza ntchito ina. Ine ndingati imeneyo ikhale yomaliza kuigwira, ndipo isapite ku lendi ya nyumba imene mukudziwa kale kuti muchokamo.

Za mayi kumudzi, akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pitani nokha, osati pa foni, ndipo mupite mvula isanagwe. Mayi amene akudziwa kuti mwana wawo ali pantchito amakonza ulimi wawo modalira iyeyo: amalonjeza aganyu, amalima munda wonse, amadikira matumba a feteleza. Mukadzawauza chimanga chitamera kale mudzakhala mwawalakwira kawiri. Mukawauza lero, achemwali ndi azichimwene anu angathe kugawana mtolowo, mayi angachepetse chimanga n'kuwonjezera mtedza, soya kapena mbatata, n'kuyamba kusonkhanitsa manyowa nthawi idakalipo. Mawu ake safuna kukometsera: "Amayi, ntchito ija inatha. Zomwe ndinkatumiza zija sindithanso, koma ya sopo ndi mankhwala ndiziyesetsa." Tchulani ndalama yeniyeni, yochepa, imene simudzailephera. Adzadandaula, mwina adzalira, mwinanso adzayamba kuloza chala azakhali ena kuti akuchitani chipongwe ndi mankhwala. Apo muwaletse msanga, muwafotokozere bwinobwino za ku America zija, mudzi ungayake. Ndipo pobwerera akakumangirani kathumba ka ufa ndi nyemba, landirani.

Chimene ndikuona kuti chikukuwawani kwambiri simunachitchule mwachindunji: ndalama ya ndiwo ikuchokera m'chikwama cha akazi anu. Ambirife tinaleredwa kuti ulemu wa bambo uli m'thumba, ndiponso kuti mwamuna salira. Thumba likaphwa, ena amayamba ukali wopanda mutu, kufunsa mkazi chifukwa chimene wachedwera mphindi khumi, kutsegula foni yake, kuona chipongwe m'mawu aliwonse. Akati "mchere watha", iye amamva kuti "ndiwe wolephera". Mabanja ambiri amene amagwedezeka ntchito ikatha sagwedezeka ndi njala, koma ndi zimenezi. Dziyang'anireni pamenepa. Mayi amene akubweretsa maganizo osamuka akuganizira banja lomwelo limene inu mukuliganizira, kungoti iye wafika msanga pamene inu mukuzengereza. Naye akuopa, naye mwina sakugona, ndipo m'mawa akukaima kutsogolo kwa kalasi lodzadza ana.

Khalani pansi awiri, ana atagona, ndi kope ndi cholembera. Lembani zolowa, lembani zotuluka zonse, mpaka makala ndi mayunitsi a magetsi. Pamenepo mugwirizanenso kandalama kanu ka m'thumba ka pamwezi, ngakhale kakhale kochepa bwanji. Zikumveka zochititsa manyazi, koma n'zabwino kuposa kupempha ya minibasi m'mawa uliwonse, inu mukuyang'ana pansi, iwo akufufuza m'chikwama ana akuona. Ndipo ntchito za pakhomo zitengeni ndi manja awiri: kuperekeza ana, kupita kuchigayo, kuteleka madzi a nsima madamu asanafike. Anzanu ena adzaseka kuti mwadyetsedwa. Omwewo lendi yanu sakulipirani. Zikafika pomakangana tsiku ndi tsiku, itanani ankhoswe zisanaipe, ntchito yawo si ya tsiku la ukwati lokha.

Kutuluka m'mawa sikolakwika ayi, cholakwika ndi kutuluka wopanda kolowera. Tsiku lopanda mutu ndi limene limakokera anthu ku bawo ya tsiku lonse, ku kachasu ndi kubetcha mpira pa foni, kumene ndalama ya severance imatha mwakachetechete. Dzukani nthawi yomweyo imene munkadzuka, koma tsiku lililonse likhale ndi chochita chodziwika: lero kulemba makalata ofunsira ntchito, mawa kukaona munthu, mkuja ku Leba. Apa m'pamenenso kubisa kukukupwetekani. Ntchito zambiri kuno zimamveka kudzera mwa anthu, kutchalitchi, kumaliro, m'magulu a WhatsApp a omwe munkagwira nawo ntchito. Munthu amene akudziwa kuti muli pantchito sangakuuzeni za mpata umene wamva. Musanyozenso tintchito ta masabata awiri, monga kuthandiza pa kafukufuku kapena kuphunzitsa pa maphunziro a masiku ochepa, chifukwa timakusungani m'maso mwa anthu. Ngati mukuganiza za geni, yambani ndi ndalama imene itati yalowa m'madzi banja lidyabe, ndipo ikhale geni imene mwakhalapo pafupi n'kuiona mmene imayendera. Kugula minibasi ndi severance yonse, usanadziwe n'komwe mtengo wa matayala ndi makhalidwe a makondakitala, kwaliza anthu ambiri.

Za tulo musazitenge mopepuka. Kusowa tulo masabata oyambirira n'kwachibadwa. Koma zikapitirira, chakudya osachifuna, anthu osafuna kuwaona, makamaka mukayamba kuganiza kuti banja lingapepukidwe inu kulibe, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo pitani kuchipatala. Apolisi akhala akunena kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. A St John of God ali ku Lilongwe komweko ndi ku Mzuzu, amapereka uphungu ndi chithandizo cha matenda a nkhawa, ndipo zipatala za boma nazo zili ndi ogwira ntchito oona za maganizo.

Za ku Joni ndinena mwachidule. Alipo amene anapita n'kumanga nyumba za malata kwawo, tonse tikuwadziwa. Koma pasipoti ya Malawi imakulolani kukhala ku South Africa masiku 30 ngati mlendo, osati kugwira ntchito. Masikuwo akatha mumayenda mozemba apolisi, ndipo ogwidwa amakasungidwa ku Lindela kudikira kubwezedwa. Ziwawa zolimbana ndi obwera zinachitika mu 2008, 2015 ndi 2019, Amalawi ambiri n'kubwerako chimanjamanja. Inu muli ndi zaka 8 za luso limene kuno likudziwika, pomwe kumeneko mukayambira pa ntchito ya m'munda wa maluwa kapena ya ulonda, mutasiya madamu okha ndi ana pa nthawi imene akukufunani kwambiri. Mufunseni mnzanuyo kuti mukafikira kwa yani, ntchito yake ndi yotani, akulembani ndani, mapepala akakonza bwanji. Akayankha kuti "tikaonera konko", ndalama ya basiyo kaperekeni kwa alandilodi a nyumba yatsopano.