N'chifukwa chake mumakumbuka abale anu

Mwafunsa chifukwa chomwe mafilimu onena za imfa amakusiyani mukuganizira abale anu, osati imfayo. Ine ndimati palibe anakajambulapo kumene akufa amapita, ndiye opanga mafilimu amangodzazako nkhope zomwe timazidziwa kale: agogo, mayi, mwana.

Taonani filimu yotchedwa Coco ya 2017, yotsamira pa mwambo wa ku Mexico wokumbukira akufa pa 1 ndi 2 Novembala. Mmenemo wakufa amazimiririka kotheratu pamene wamoyo womaliza wamuiwala. Akufawo amaoneka ngati mafupa oyendayenda, koma sanandiopse n'komwe. Chinanditsamwitsa ndi gogo wina woiwalaiwala wa mufilimuyo, milomo ikuyamba kutsatira nyimbo ya bambo ake.

Filimu itangotha ndinawaimbira foni amayi, popanda nkhani yeniyeni. Anangodandaula kuti ndawadzutsa.