Akufuna ndikhale wapampando wa amayi pa gulu losunga mwambo: ndivomere?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wa ana anayi wa kufupi ndi Ngabu. Ndaifupikitsa motere: "Makolo ndi anthu a mipingo kwathu kuno tayambitsa gulu loteteza banja ndi mwambo, chifukwa ana atayirira ndi mowa komanso mavidiyo a pa tredingi senta. Palibe bungwe lotipatsa ndalama. Anzanga akufuna ndikhale wapampando wa amayi. Bambo a kunyumba sakukana, koma akufunsa kuti kudimba azipita ndani. Ndivomere? Nanga udindo woyenera mayi ngati ine ndi uti?"

Mayi, musanayankhe afunseni kaye kuti wapampando wa amayi amagwira ntchito yanji. M'magulu ambiri dzinali limangotanthauza munthu wosonkhanitsa anzake kuti asese bwalo, aphike nsima ndi kuyimba mlendo akabwera, pomwe abambo akumanga mfundo paokha pansi pa mtengo. Tinaziona nthawi ya Kamuzu, mbumba zikuvina tsiku lonse padzuwa, ndipo zipani za lero sizinasiye. Ngati ntchito yake ndi imeneyo, kanani mwaulemu, mupemphe mpando mu komiti yaikulu imene imagamula zinthu.

Mu komiti imeneyo, ine ndikadasankha ulembi kapena usungichuma. Mlembi ndiye amagwira buku. Zomwe mwagwirizana amalemba ndi iye, kalata yopita kwa a nyakwawa kapena ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) amalemba ndi iye, ndipo wina akadzatembenuka mawa kuti "sitinanene choncho", ndi iye amatsegula tsamba. Usungichuma ambiri amauopa, koma ngati muli mu banki mkhonde ntchitoyi mumaidziwa kale: bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndalama kuwerengedwa mokweza aliyense akuona. Chitani chimodzimodzi ngakhale zosonkha zikhale zogulira kope ndi bolopeni basi. Magulu ongodzipereka kawirikawiri amathera pa kandalama kochepa komwe palibe anakalemba.

Tsopano nkhani yaikulu, yomwe simunafunse. Mukuti mukuteteza mwambo. Mwambo wake uti? Kuno ku Chigwa cha Shire mawu amenewa amanyamula zambiri. Muli ulemu kwa akulu, kuthandizana pa maliro, malangizo a anankungwi, ndi kulemekeza malo ngati Khulubvi kwa Mbona ku Nsanje. Koma pansi pa dzina lomwelo ena amabisanso kulowa kufa ndi kusasa fumbi. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 linaletsa miyambo yovulaza anthu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti chilolezo cha makolo chisamatsegulenso khomo la ukwati wa mwana. Gulu lanu lilembe poyera kuti laima pati, lisanakumane ndi mlandu woyamba.

Mlanduwo udzabwera ndithu. Mtsikana wa Sitandade 7 adzapezeka ndi pakati, ndipo wina mu komiti yanu yomweyo adzati ingomuperekani kwa mnyamatayo tichotse manyazi. Kumene kuli lobola, amalume kapena bambo adzakhala atayamba kale kuwerengera ng'ombe mumtima. Apo mpamene pamafunika mayi wolimba pakamwa, wodziwa kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka. Mfumu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo inatero ili pa mpando wa ufumu, mwambo ili nawo m'manja. Choncho wina asakuuzeni kuti kubweza mwana ku sukulu ndi zachizungu.

N'chifukwa chake udindo umene ndimauona wolemera kuposa yonse ndi wopanda dzina lokoma: kulumikiza gulu lanu ndi anankungwi komanso gulu la amayi la pa sukulu ya pulayimale. Anankungwi musawanyoze pa msonkhano. Pitani kwawo madzulo, khalani nawo pa mphasa, mumve zomwe amalangiza ana ndi pa msinkhu wanji. Mayi wa Mvano kapena wa Dorika akalowa ndi ulaliki, anankungwi amangovomera "eya, eya", chinamwali n'kudzachitikabe monga kale. Akalowa ngati mnzawo amene nayenso ali ndi mwana wamkazi, mpamene amamasuka.

Musaiwalenso madzi. Madzi atasefukira mu 2015, komanso nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mabanja ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje anakhala m'misasa, ina ya m'makalasi momwe. Njala ndi kuthithikana zikakumana, atsikana ndiwo amayamba kutayika. Gulu lonena za banja liyenera kukhala ndi mayi mmodzi woyankhulana ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mvula isanayambe.

A ndale adzabwera ndi zitenje, gulu likangoyamba kudziwika. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa mphatso pofuna mavoti, koma inu mukudziwa mmene zimakhalira. Lembani m'malamulo anu kuti pa msonkhano palibe wovala nsalu ya chipani.

Funso la bambo a kunyumba ndi lanzeru, musalitenge ngati nsanje. Ntchitoyi ilibe alawansi, ndipo chimanga cha kudimba sichidikira msonkhano. Gwirizanani kuti muzikumana kamodzi pa masabata awiri, dzuwa litapepa (kutentha kwa Okutobala kuno sikofotokozera munthu), ndipo nthawi yotola thonje misonkhano ichepe. Udindo ukhale wa zaka ziwiri, ndi wachiwiri wanu woti azigwira buku mwana akadwala. Tsiku losankha komiti, apempheni bambowo adzakhalepo, adzamve okha zomwe mwavomera ndi zomwe mwakana.