René wa ku Seychelles: wokondedwa kapena woopedwa?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndamva kuti a France-Albert René anatukula kwambiri dziko la Seychelles. Nanga bwanji ena amati anali ankhanza?" Achimwene, nkhani imeneyi eni ake a dziko la zilumbali, lomwe lili m'nyanja ya mchere ya India, akukanganabe mpaka lero.

Mpando sanaupeze ndi voti. Dzikoli litalandira ufulu kwa Angelezi pa 29 June 1976, pulezidenti anali a James Mancham, a René ali nduna yaikulu. Chaka chisanathe, pa 5 June 1977, a Mancham ali ku London ku msonkhano wa Commonwealth, anyamata a René analanda boma ndi mfuti, a René n'kukhala pulezidenti. Pofika 1979 chipani chinatsala chimodzi basi.

Koma ntchito anaigwira, pamenepo tisanamizane. Sukulu zaulere, chipatala chaulere, nyumba za anthu osauka. Chinanso chimene ine chimandisangalatsa n'chakuti Chikiliyo, chilankhulo cha asodzi ndi amayi a pamsika chomwe chinkanyozedwa, chinayamba kuphunzitsidwa m'kalasi.

Adani analipo enieni. Mu November 1981 gulu la asilikali aganyu lotsogozedwa ndi Mike Hoare linatera pabwalo la ndege ku Mahé, chilumba chachikulu cha dzikoli, kudzalanda boma, likunamizira kuti ndi kalabu ya anthu okonda mowa odzacheza. Pamwamba pa zikwama anaika zidole za ana, pansi pake mfuti za AK-47. Wogwira ntchito yofufuza katundu ataona mfuti m'chikwama chimodzi, zipolopolo zinayamba kulira pomwepo, ndipo ambiri a iwo anathawira ku Durban pa ndege ya Air India yomwe analanda.

Vuto ndi lakuti zoterezi zinasanduka chifukwa chothanirana ndi aliyense wotsutsa. Ena anatsekeredwa popanda mlandu, ena anathawa dziko, ena anangosowa. Gérard Hoarau, yemwe ankatsogolera otsutsa ali kunja, anaphedwa ndi mfuti pakhomo pake ku London mu 1985.

Zisankho za zipani zambiri zinabwerera mu 1993, chaka chomwe ife kuno tinkaponya voti ya referendamu, ndipo a René anapambana. Mu 2004 anatula okha udindo n'kusiyira a James Michel. Ambiri amawayamikira pamenepo. Ine ndimaona kuti anachoka osayankha funso ngakhale limodzi. Lamulo lokhazikitsa komiti yofufuza nkhanza za nthawi yawo linadutsa mu 2018, koma iwo anamwalira pa 27 February 2019 ali ndi zaka 83, mboni zisanayambe kulankhula.